Ndinasesa Mbale za Akufa

Ndinalakwa ine, ndivomereze msanga ena asanakuuzeni mokokomeza. Ndinasokoneza manda a mudzi wathunthu, ine mkamwini, dzuwa likuswa mtengo.

Kwawo kwa mkazi wanga, cha ku Khwethemule, anagwirizana kuti manda onse ajambulidwe pa foni, abale anene amene wagonapo, kenako mayina alembedwe pa zikwangwani. Foni ya kamera yabwino inali yanga. Tsiku lolambula manda, amuna anzanga anayamba kutchetcha kumunsi, ine n'kunditumiza kumtunda, kumanda akalekale.

Ine ndinakulira m'malayini a esiteti, kumene kapitawo akapeza chitini m'munda wa tiyi amakukalipira mpaka kuweruka. Ndiye nditafika kumtundako, uve wake! Pamtumbira uliwonse pali mbale yobowoka, apa ketulo yadzimbiri, apo chipanda, uko mphika wosweka. Ndinapsa mtima. Anthu awa amataya zinyalala pa makolo awo? Zithunzi zikafike kwa ana awo ku Joni zili chonchi?

Ndinakoka wilibala. Ndisanajambule ngakhale chimodzi, ndinatola zonse n'kukaunjika patsinde pa mbawa.

Atatulukira a Namakhwa, amalume a mkazi wanga, chikwanje chinawagwa m'manja.

"Akamwini, mbale zili kuti?"

"Ndasesa, amalume. Enafe tinaphunzira ukhondo."

"Ukhondo! Ketulo ija ndiyo dzina la mayi anga! Mwezi wamawa tikumanga chiliza, timanga pa ndani?"

Apa munthu wanzeru akanapepesa. Ine ayi.

"Musakalipe, mutu wangawu ndi kompyuta."

Ndinathamanga ndi wilibala kubweza chilichonse pamene ndinkaganiza kuti ndinachitola. Mitumbira yakale imafanana, abale, yonse inatitimira.

Posakhalitsa amayi a m'mudzimo anafika kudzatchula mayina. Mayi Mulipa, gogo woyendera ndodo, anapita molunjika pafupi ndi chulu, n'kuima njo.

"Waika chipanda cha mowa pa bambo anga ndani? Mkulu wa mpingo! Munthu amene ngakhale thobwa logona sankalawa!"

Cha uko mayi wina naye anakuwa: "Nanga agogo athu a Mukhova mwawapatsa ketulo? Munthu anafera ku kachasu, tiyi wayamba liti?"

A Namakhwa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye simenti yanga ikanagona pa Mukhova? Ana a mayi anga abwere kuchokera ku Luchenza kudzaimbira nyimbo chidakwa?"

"Koma ine ndimafuna kuthandiza!" ndinatero, mtima ukadali m'mwamba. "Bwanji simunalembe mayina kalekale?"

"Tinalemba," anayankha mayi Mulipa, akuloza wilibala ndi ndodo. "Wafufuta ndiwe."

Mpaka dzuwa kupendeka anthu ankakangana, uyu akukoka mphika, uyo akulanda mbale. Manda ena anadziwika, ena ayi, ndipo a mayi a a Namakhwa anali m'gulu la osadziwikawo. Chiliza chinaimitsidwa. Mkamwini akaona chinthu chili poipa, ayambe wafunsa anachiika ndani.

Nditati ndipepese, amalume anandikaniza.

"Ife ayi. Uza eni mbalewo."

Ndinavula chipewa, ndinagwada pakati pa mitumbira, mudzi wonse ukundiyang'ana, n'kuomba m'manja.

"Pepani, eni mudzi nonse mwagona muno. Ndine mkamwini, sindinadziwe. Amene mwalandira mbale ya mnzanu, chonde sinthanani nokha, inu mukudziwana."