Diresi la Unesi la Pakaunjika

Uthenga unandipeza pamsika wa Chilomoni ndikuunjika tomato, ndipo ndikanadziwa kumene chimwemwe chimenecho chikupita nane, bwenzi nditamanga pakamwa ndi duku. Koma pakamwa panga, owerenga inu, sipanamangidwepo chibadwire.

Anabwera chothamanga ndi Nachisale, mnzanga wogulitsa usipa, foni ili m'mwamba. "Agogo! Mayeso a Fomu 2 atuluka! Tadala wakhoza!"

Tadala ndi mdzukulu wanga, wosiyidwa ndi malemu mwana wanga wamkazi, ndipo ndamulera ndi tomato yemweyu. Ndinaponya nthungululu yokamveka kuphiri la Michiru. Ndinavina, ndinavina, tomato wanga ndikuponda ndekha, ndikuimba: wakhoza, wakhoza, wamasiye wakhoza! Kenaka pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo. "Nesi wabadwa pakhomo panga!"

(Za unesi palibe anandiuza. Tadala sanatchulepo. Ndinangoti mtsikana wanzeru amakhala nesi, akhalenso chiyani?)

Pofika mawa lake msika wonse unali kunditcha agogo a nesi. Bambo Likoswe ogulitsa makala anabwera kudzandionetsa bondo lotupa, eti ndikamuuze mwanayo aliganizire. Ine osakana. Ndinaliyang'ana bondolo, ndinagwedeza mutu, ndinati tidzaona.

Loweruka ndinapita pakaunjika. Ndinafukula, ndinafukula, mpaka ndinalipeza: diresi loyera mbee, mabatani kutsogolo, thumba pachifuwa, pathumbapo malembo ofiira achizungu. Chichewa ndimawerenga, cha m'buku la nyimbo, pang'onopang'ono ngati mmene ndikulembera pano. Chizungu ayi. Ndinafunsa wogulitsayo, bambo wamkulu wandevu zake, "Achimwene, apa alemba chiyani?"

"Chipatala chachikulu cha kunja, mayi. Mwasankha bwino."

(Ameneyo ndikumufunabe. Mukamuona, muuzeni ndikumufuna.)

Sukulu itatsegulidwa Tadala anabwera ndi kalata. Makolo afike Lachisanu, akathandize ana kusankha maphunziro a Fomu 3, chifukwa zimene mwana wasankha pano ndi zimene adzalembe ku Fomu 4, ndi zomwezo zidzamutsegulire koleji kapena kumutsekera. Kudzabweranso anthu a ntchito zosiyanasiyana kudzalankhula. "Agogo," anatero Tadala, "ndimafuna ndikuuzeni kaye..."

"Usadandaule, mayi wanga, zonse ndakonza kale."

Mwaona? Mwana anafuna kulankhula, ine ndinamutseka. Komabe bwanji sanakakamire? Ana a masiku ano ulemu amaupeza pamene suukufunika.

Lachisanu ndinatchena, diresi lija ndalisita, ndalipinda m'jumbo. Maganizo anga anali oti akamutchula dzina ndimuveke pamaso pa anthu. Tikulowa mu holo, pakhomo panaima mayi wina wovala ovolosi yakuda, jombo zazikulu kumapazi, zala zamawangamawanga. Ndinamumvera chisoni. Ndinamugwira pamkono mwachikondi.

"Mwana wanga, geti lothyoka lili panjapo. Muno muli msonkhano wa makolo."

"Zikomo, agogo," anatero akumwetulira. Tadala anandikoka nsalu ngati aing'amba.

Tinakhala. Analankhula wapolisi, tinawomba m'manja. Analankhula nesi weniweni, Mayi Chikopa, ine ndinawomba m'manja kuposa holo yonse, ndikumugunyuza Tadala ndi chigongono. Kenaka ahedi anati, "Tsopano tilandire Mayi Namagowa, amene anaphunzira za zitsulo ku koleji, ndipo ali ndi shopu yawo yowotcherera ku Ndirande, akulemba ntchito amuna asanu ndi mmodzi."

Anakwera kutsogolo ndi wa ovolosi uja. Wa geti uja! Ndinafuna pansi pang'ambike. Koma iye sanandiulule, anangondiyang'ana kamodzi, n'kuseka ndi maso.

Atatha alendo, aphunzitsi anayamba kuitana ana mmodzimmodzi, anene chimene akufuna kudzakhala. Wina dokotala. Wina loya. Dzanja langa lili kale m'jumbo.

"Tadala."

Anaimirira, osandiyang'ana. "Ndikufuna kalasi ya zitsulo ndi kujambula mapulani. Ndikufuna ndidzakhale ngati Mayi Namagowa."

Amayi inu! Ndinamva ngati andithira madzi ozizira a m'mamawa. Tomato wa zaka khumi ndi zisanu, dzuwa londiotcha, mvula yondinyowetsa, kuti mwana akhale woyang'ana moto ndi chigoba kumaso? Ndinadzambatuka.

"Ahedi, pepani, mwanayu wasokonezeka ndi anthu. Ameneyu ndi nesi. Yunifomu nayi!"

Ndinatambasula diresi lija m'mwamba, loyera mbee. Ahedi anapereka maikolofoni kwa nesi uja kuti andiyankhe. Mayi Chikopa anatsika, analigwira, anawerenga pathumba, akudziletsa kuseka. Anandinong'oneza, "Agogo, ili ndi la ogwira ntchito mu butchala. Apa alemba kuti nyama ya nkhumba ndi masoseji."

Ananong'ona, inde. Koma maikolofoni anali nayobe m'dzanja.

Kuseka kumene kunabuka! Ana kugwa m'mabenchi. Wapolisi, munthu wa boma, kupukuta misozi ndi chipewa. Makolo anzanga, ena timapemphera mpingo umodzi, mano onse panja. Nanga ndinalakwa chiyani? Kuyera sikunali kuyera? Mabatani sanali mabatani?

Mayi Chikopa anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. "Agogo, unesi si diresi. Mwanayu magazi amawatha?"

"Amawatha!"

"Agogo," Tadala mawu apansipansi, "tsiku lija munadzicheka ndi mpeni ndinakomoka. Munandithira madzi ndinu, chala chikutuluka magazi."

"Unali ndi njala!"

"Nanga mbaula yathu anakonza ndani? Chitseko? Benchi lanu la kumsika?"

Zoona anakonza ndi iye, ndi waya ndi hamala yobwereka, ine n'kumamukalipira kuti akuda manja. Koma zinthu za m'nyumba amaulula mu holo?

Ndinanyamula jumbo langa, ulendo panja. Tadala anandipeza pansi pa mtengo wa mango, pepala lili m'manja. Sanalire, bola akanalira. "Agogo, kalasi ya zitsulo malo ndi ochepa, ndipo akutseka lero. Popanda dzina lanu apa, andiika kumene kwatsala. Mukakana, ndimvera. Koma nesi sindidzakhala, ndingonama."

Kumbuyo kwake kunafika Mayi Namagowa. Ndinawatembenukira ndi ukali wonse. "Inu, maso sapsa ndi moto wanuwo?"

"Timavala chigoba, agogo."

"Nanga mwamuna? Adzamufunsira ndani wonunkha utsi?"

"Ndili ndi ana atatu. Bambo awo ndi amene amandinyamulira zitsulo. Patchuthi mubwere naye kushopu, mudzaone nokha. Geti lija tidzakonza naye limodzi."

Ndinayang'ana manja a Tadala. Manja a mayi ake enieni, osakhala phee. Ndinalanda cholembera. Dzina langa limanditengera nthawi, chilembo chilichonse ndi ulendo, koma anadikira onse awiri mpaka ndinamaliza. Ndinanena momveka kuti ndalemba mokwiya, ndipo ndidakali wokwiya: ndi wandevu uja, ndi maikolofoni, ndi wapolisi.

Mbiri ku Chilomoni siyendera minibasi. Pofika kunyumba tinapeza pakhonde podzaza, eti abwera kudzasangalala nafe. Ena anabweradi kudzasangalala, ena kudzaona butchala, ndikuwadziwa. Koma nditaona mwanayo akuseka koyamba sabata yonse, nthungululu inatuluka yokha, ndinaimba: wazitsulo, wazitsulo, pakhomo panga wazitsulo!

Anabwera Nachisale ndi usipa wake. Anabwera bambo Likoswe, chotsimphina, akufunsa ngati bondo amawotcherera. Anabwera mayi Jumbe a kwaya, mayi Mpinganjira ogulitsa nsapato za kaunjika, Nangondo wa mandasi, amene diresi lija analipempha kuti azivala pokazinga, ndinamumana. Anabwera abusa opuma a Maluwa ndi akazi awo, bambo Saidi telala, mayi Alufandika ochokera ku Chemusa ndi apongozi awo, Esinati, Felesiya, Agnesi wamkulu ndi Agnesi wamng'ono. Anabweranso Yamikani, kamtsikana ka mwana wanga wamwamuna wa ku Zingwangwa, ka Sitandade 3, kanzeru kwambiri.

Ameneyo ndiye nesi. Musamuuze kaye.