Chikwama cha a Zgambo pa Benchi la Amayi

Kwathu kuno kwa Chikomeni tinali ndi munthu amene ankalowa m'tchalitchi ndi chikwama chachikopa, n'kuchikhazika pa benchi la amayi, iye n'kukakhala kwa abambo ngati palibe chachitika. Ndikunena malemu a Danwell Zgambo. Chikwama chimenechi chinatsala pang'ono kuwadulitsa mumpingo, ndipo pakati pa odulawo panali ine ndemwe, Mulungu andikhululukire.

Anabwera nacho mu 1936 kuchokera ku Kabwe, kumene anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa kilabu ya azungu. Akazi awo a Eneless anamwalira iwo ali komweko, kalata n'kuwapeza udzu utamera kale pamanda. Anzawo ankabwerako ndi njinga, masutikesi, ena ndi chifuwa. Iwo anabwera ndi chinthu chowonda ngati mpini wa khasu, chotalika kufika pachifuwa. Anati n'chosungiramo ndodo ya biliyadi, masewera amene azungu akuluakulu, ndevu zili pepeya, amathamangitsa timipira patebulo. Tebulo lakelo ife sitinalionepo.

Ndodoyo inalipo ndithu, mzungu wina anawasiyira, koma a Zgambo analibe nayo ulemu ngakhale pang'ono. Ankagwetsera mango, kutosera ng'ombe, tsiku lina anaphera njoka. Inkagona panja, mvula n'kuivumbwa, pamene chikwama chinkagona pamphasa chitafunda bulangeti.

"Adada, si ndodo imene ili ya mtengo wapatali?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Ndodo? Mtengo uliwonse wa m'nkhalango ya Lukusuzi ubala ndodo. Iwe ona apa. Maso chabe, manja m'thumba!"

Kunena zoona, chinali chokongola. Chikopa anachifufuta okha mpaka chinafewa ngati khutu la mwana wa ng'ombe. Mabowo osokera anaboola ndi sipoko ya njinga, onse otalikirana mofanana, ulusi wake wopaka phula. Pamwamba pake anazokota ndi msomali ndi kanyundo chikopa chili chonyowa: timizere titatu mbali iyi, titatu mbali iyo, pakati kamakwerero, m'munsi timadontho. Loweruka lililonse ankachidzoza mafuta a nsatsi, moti chinkawala kuposa mwini wake, amene miyendo yake inali mbuu chaka chonse.

Tsono ine ndine wokonza njinga, ndipo diso langa silipirira chinthu chokhota. Ndinaona kuti kamzere kamodzi kanapatuka, ngati kankathawa anzake.

"Apa dzanja linatelela, adada," ndinatero ndikuloza.

Ndinachita kulakwa! Mwezi wathunthu ndikati "Monile, adada," iwo ankayankha galu wanga.

Zochita zawo ndi chikwamachi sitingazimalize. Mvula itawapeza m'njira anavula jekete n'kuchikulunga, iwo n'kufika pamaliro ali chonyowa ngati nkhuku. Popita kumsika wa Lundazi anakangana ndi woyendetsa lole mpaka chikwama chinakhala kutsogolo, mwini wake n'kukwera kumbuyo pa matumba a mtedza. Mzungu wina wogula fodya, amene ankaidziwa biliyadi, atachiona anachita kuvula chipewa. Anati sanaonepo ntchito yotere, ndipo apereka njinga yatsopano.

"Njinga ichita dzimbili, bwana," anatero a Zgambo, n'kuchipana m'khwapa.

Ine ndinatsala pang'ono kulira. Njinga yatsopano!

Mavuto anayamba mu 1944 ndi a Philemon Nyirenda, mkulu wa mpingo, munthu amene ankatha kumuona Satana ngakhale m'chikho cha thobwa. Akazi awo ndiwo ankakhala pafupi ndi chikwamacho Lamlungu, ndiye atatupa mwendo a Philemon anayamba kuganiza. Ngati ndodo ili panja ikugwetsa mango, nanga m'katimo muli chiyani? Funso limeneli linayenda m'midzi ngati moto wa lupsa. Ena anati muli mchira wa fisi, ena chala cha munthu wa kumigodi. Amayi anayamba kudzipanikiza kumapeto a benchi, chikwama chili phee pafupi ndi mzati, malo a anthu atatu chili chokha.

Bwalo la akulu a mpingo linakhala Lachitatu masana, ine ndili m'gulumo, anthu atadzaza mpaka m'mawindo. Mlandu unali wachidule: chikwama chitenthedwe, apo ayi a Zgambo adulidwe. Musachione chopepuka. Munthuyu sanaphonyepo Mgonero, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo zonse, ngakhale ankaziyambira pamwamba poti ena tonse tinkafikapo ndi makwerero. Kudulidwa kunali kudzaikidwa m'manda popanda nyimbo, chinthu chimene ankachiopa kuposa imfa yeniyeniyo.

"Tsegulani!" analamula a Philemon, ataima patali ndithu.

A Zgambo anamasula kalamba kotsekera chikwamacho, n'kuchizondotsa. Aliyense anagwira mpweya. Munagwa mphemvu imodzi, yonenepa ndi mafuta a nsatsi, n'kulunjika kumapazi a a Philemon, amene anadumpha ngati mnyamata wa ingoma. Tchalitchi chonse chinafa nacho chiseko.

Munthu wosekedwa sagonja msanga. "Mankhwala ali pa chikopa!" anakuwa a Philemon. "Simuona? Izi ni mphini! Anachitemela!"

Anati ofuna moto akweze manja. Langa linakwera, ndipo sindinganame kuti ndinkaopa ufiti. Ndinali ndikadali ndi mangawa a moni uja anapatsa galu.

"Nidulani," anatero a Zgambo. "Koma moto yayi."

Apa m'pamene anaimirira a Dainess, mkulu wawo wa malemu a Eneless. Maso awo anachita khungu kalekale, moti chikwamacho ankangochimva fungo.

"Alamu, nipatsenkoni nichigwile chinthu chimene chikudyetsani manyazi."

Tinayembekeza kumva za manja m'thumba. Koma a Zgambo anachipereka ndi manja awiri, koyamba m'zaka zisanu ndi zitatu. Zala za a Dainess zinayenda pa timizere titatu, zinakwera kamakwerero, zinatsikira mbali inayo, n'kuima pa kamzere kanga kokhota kaja. Zinabwerera, n'kuimanso pomwepo.

"Eneless," anatero motsitsa. Kenaka anatembenukira kwa ife. "Mphini nizoona, a Nyirenda, koma ni za kumaso kwa m'bale wanga. Tsiku lomutema, mutu wake n'nagwila ndine. Anayetsemula, lumo n'kupatuka apa, pa tsaya la kumanzele. Analila sabata yonse kuti palibe azamukwatila."

Zoti a Philemon anafunsirapo a Eneless kawiri n'kukanidwa kawiri, akuluakulu onse ankazidziwa. A Philemon anasendera, anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakakhala pansi, n'kuyamba kufunafuna chinachake m'buku la nyimbo lomwe analigwira chozondoka.

"N'nalibe chithunzi," anatero a Zgambo. "N'naopa kuti nizaiwala nkhope. Ndipo paja pa mzati ndiye pamene anali kukhala."

Mlandu unatha wopanda woutseka. Ine manyazi anandigwira mpaka m'mafupa, ndipo m'mawa mwake ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza akutosa ng'ombe ndi ndodo ya azungu ija.

"Yewo, wabwela," anatero. "Vuto la imwe a njinga, muganiza kuti chilichonse chifunika kuwongola."

Mwendo wa akazi a a Philemon unaphwa wokha, utatuluka munga.

A Zgambo anatisiya m'nyengo yozizira ya chaka chatha, mu 1948. Nyimbo tinaimba zonse, ndipo a Philemon ndiwo anaziyambitsa, pamwamba penipeni ngati mwini wake, mpaka tonse tinatsokomola. A Dainess anapempha kuti chikwama chiikidwe m'manda pambali pa alamu awo, ndipo panalibe mkulu wa mpingo amene anaona chilichonse. Ndodo anandisiyira ine, poti ndi yowongoka. Masiku ano ndimadzutsira ogona pa ulaliki.

Ndimawasowa, ndisabise. Loweruka ndikadutsa pakhomo pawo mphuno imafunafuna fungo la nsatsi, koma pamangonunkha mbuzi. Nyimbo tsopano timaziyambira pabwino, ndipo sizikomanso. Pa benchi la amayi, pafupi ndi mzati, pakadali kampata kokwana mpini wa khasu, ngakhale tsiku la Mgonero anthu atathinana. Lamlungu lapitali mayi wina mlendo wochokera ku boma anafuna kutsekapo ndi mtolo wake. A Dainess anamva kukhwekhwereza, anatambasula dzanja, n'kuukankha pang'ono mtolowo.

"Sendezani uko, amama," ananong'ona. "Apa pali munthu."