Mahedifoni a Chikopa cha Nkhosa

A Phiri, tavulani timahedifoni tanu ta m'shoputo mutiike pa kretipo, chifukwa zimene mukumva mmenemo si nyimbo, ndi udzudzu wotsekeredwa m'chitini. Ndipo nonsenu amene mwakhala pakhomo panga pano n'kumatsinana, amene akuti ine ndimanama adzuke pompano, msewu ndi uwo, matakisi a ku Daveyton sanathe. Palibe wadzuka? Ndiye khalani bwino mumve.

Ine mahedifoni sindinagule. Ndinawapanga ndi manja awa, chaka chimene ndinayamba kuphunzira zamagetsi kusukulu yamadzulo ku Benoni, masana ndikusenza makatoni kuntchito ku Jet Park. Mukudziwa kuti kumeneko amatipatsa zotseka m'makutu chifukwa cha phokoso la makina ndi ndege. Zanga zitakalamba, foromani anati nditaye, ine ndinazitayira m'chikwama changa. Timasipika ndinatichotsa m'mahedifoni odula amene galu wa abwana ake a mkazi wanga, mayi a Tadala, anatafuna lamba wake. Waya wamkuwa ndinachita kuluka zingwe zinayi ngati tsitsi la mkwatibwi. Timapilo togunda khutu ndiye nkhani ina: a Saidi, mkulu uja wa ku Mangochi wa sipaza, kagolosale ka pakonapa, anandipatsa chikopa cha nkhosa imene anapha pa Idi, ine n'kuchifufuta milungu itatu mpaka chinafewa ngati tsaya la khanda, iwo n'kundisokera pa makina awo, m'kati mwake n'kuikamo thonje lenileni la ku Balaka limene ndinaba m'pilo ya mkazi wanga pang'onopang'ono kuti asazindikire. Kabowo kotulukira besi ndinaboola ndi msomali wotentha.

Tsiku loyamba kuwavala ndinaika nyimbo ya kwaya ya kwathu imene ndakhala ndikuimva chiyambire ubwana wanga, ndipo ndikulumbira pali mwana wanga, ndinamva kuti woimba besi anabwera kojambulirako asanadye, kuti mayi wachitatu kuchokera kumanzere anali ndi dzino logwedera, kuti woimba ng'oma anavala nsapato zobwereka zomuthina chala chachikulu, ndiponso kuti pa ndime yachiwiri munalowa ntchentche pawindo, yaikazi, yotsimphina mwendo wakumbuyo. Mukumva? Besi itagunda, shuga amene anali pansi pa kapu yanga ya tiyi anadzitakasa yekha.

Kufewa kwake ndiye musanene. Ndinawavala Lachisanu, ndinadzakumbukira Lolemba kuti ali kumutu, nditasamba nawo, nditapemphera nawo, nditakametetsa nawo, wometayo akungozungulira ngati wolima pafupi ndi chulu, ndipo mutu umene unkandiwawa chaka chonse unasowa pokhala n'kusamukira kwa landilodi, amene mpaka lero akumwa mapilitsi osadziwa kuti matendawo ndi anga. M'chisanu cha Juni cha kuno ku Joni thupi lonse linkanjenjemera, koma makutu okha ali ku Nsanje, akutuluka thukuta. Kunena zotseka phokoso, tsiku lina ndege yaikulu inadutsa pamutu panga pa nthawi ya nkhomaliro, malata akunjenjemera, anzanga onse atawerama, ine ndikusenda dzira osatukula n'komwe mutu, mpaka woyendetsa ndegeyo zinamupweteka, anabwerera kachiwiri motsika kwambiri, n'kusuzumira pawindo kuti aone munthu wamwano ameneyu ndi wa kuti.

Tsono linafika Loweruka lina. Mayi a Tadala anaitanidwa ku Benoni kukasita zovala, mwana wathu Tadala ali ndi chaka ndi miyezi itatu, atangoyamba kuyenda, uku akugwa uku akudzuka. Potuluka anandiuza kawiri kuti geti lathuli silitsekeka lokha, ndilimange ndi waya uja timalimangira. Ndinavomera ndi mtima wonse. Chimene sindinawauze n'chakuti wayayo ndinali nditauchotsa dzulo lake kuti ndilimbitsire lamba wa mahedifoni, poti unali wa saizi yake yeniyeni. Ndinati ndipeza wina nyimbo imodzi ikatha. Mwana ndinamukhazika pamkeka apa ndi supuni ndi chivundikiro cha poto, ine n'kukhala pa beseni apo kuchapa matewera, msana nditalozetsa kugeti.

Nyimbo inatha. Nditatembenuka ndinaona mkeka, supuni, chivundikiro, kansapato kamodzi, geti lili chitsegukire.

Apa sindiwonjezera kanthu. Msewu uwu mukuudziwa. Matakisi a Loweruka sayang'ana pansi, ngalande ija imadzaza madzi akuda, ndipo kuseriku kuli agalu opanda mwini. Ndinadzambatuka. Ndinayang'ana m'nyumba, pansi pa bedi, kuchimbudzi, m'beseni momwe ndinkachapiramo. Ndinatulukira pamsewu kansapato kali m'manja, ndikuitana dzina lake, mawu anga omwe osawamva.

Koma sukulu si yachabe. Aphunzitsi athu anatiuzapo kuti sipika ndi khutu ndi pachibale, ukaitembenuza mawaya imasiya kuyankhula n'kuyamba kumvetsera. Ndinang'amba waya ndi mano, wofiira kuika pa wakuda, wakuda pa wofiira, n'kuimirira pakati pa msewu, ndipo abale inu, dera lathu lonse la Etwatwa linandigwera m'makutu nthawi imodzi, mapoto onse akuwira, mahutala a magalimoto onse, mayi wina akunena mnzake kuseri kwa tchalitchi, kenako Benoni, madzi akudontha m'migodi yakale, ndi chifuwa chimene agogo anga aamuna anasiya pansi pamenepo kale lija chikutsokomolabe chokha mumdima, kenako Beitbridge, madalaivala a mabasi akukangana za katundu, kenako chidindo cha pa Mwanza chikugunda pa pasipoti ya munthu wa mtima wothamanga, mpaka ndinamva mayi anga ku Ntcheu akuitana nkhuku, ndipo ndinamvanso kuti imodzi ikusowa. Mukumva, a Phiri? Zonsezo ndinazimva, koma mwana wanga osamumva, chifukwa dziko linachuluka.

Ndiye ndinalowetsa chala m'kapilo n'kuyamba kutsendera thonje pang'onopang'ono ngati wotsitsa wailesi. Ntcheu inazima. Mwanza inazima. Agogo anasiya kutsokomola. Matakisi anatha imodzimodzi, mapoto anazizira, mpaka m'dziko lonse la Joni munatsala kaphokoso kamodzi kokha: timano tinayi tikukukuta bisiketi. Timano timeneto ndimatidziwa. Tinamera ndikuona, tinandilumapo chala, ndingatizindikire tokha pakati pa ana chikwi. Ndinatseka maso n'kutsatira kukukutako, kulumpha ngalande, kupewa wilibala, kudutsa pakati pa matakisi awiri osakhudza ngakhale imodzi, ndipo nditatsegula maso ndinali m'sipaza ya a Saidi, Tadala atakhala phee pa thumba la ufa, phazi limodzi lili ndi nsapato, kukamwa konse zinyenyeswa. Atandiona anandipatsa bisiketi yonyowa ija kuti ndilumeko. Ndinaluma, ndipo sindichita manyazi kunena kuti misozi inagwera pa ufa wa eni ake.

A Saidi anandikoka mahedifoni kumutu ndi dzanja lawo.

"Achimwene, mwanayu ndam'tola phazi lili kale pa tala," anatero. "Ndaima pageti lanu lomwelo, mwana ali m'manja, ndakuitanani kakhumi. Ndakugendani ndi mbatata pamsana. Inu kumangovina ndi mapewa."

Anati anamutengera kusipaza chifukwa anasiya chitseko chosatseka, komanso ankafuna kuti ndilawe kaye mantha. Zoti anandigenda sindikana. Chinachake chinandigundadi pamsana chapakati pa nyimbo, koma ine ndinayesa ndi besi, ndipo ndinadziyamikira mumtima kuti kabowo kaja ndinaboola bwino. Iwo amanenanso kuti azimayi ogulitsa tomato ndi amene anandilozera ndi manja kusipazako, ndiponso kuti kuchokera pano ndi makomo anayi okha. Analozadi, koma ine ndinali nditamva kale.

Mayi a Tadala anatsika takisi cha m'ma folo, ndipo njira yawo imadzera pasipaza, choncho nkhani inafika pakhomo pano ine ndisanaikonze. Ndinkayembekezera mkuntho. Sanakalipe. Anamutenga mwana, kumusambitsa, kumuyang'ana zala zonse, mawondo, kumutu, kenako n'kumubereka kumbuyo ngakhale anali asakupita kulikonse. Ataima pakhomo apo anandiyang'ana n'kunena motsitsa:

"Bambo a Tadala, takisi ikanam'gunda, inu mukanamva nyimbo itatha."

Ndinapanga chinthu chotsekereza ndege, koma mawu amenewo palibe chikopa cha nkhosa chimene chikanawatsekereza. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pulayala, n'kudula mbali yakumanzere yonse, sipika yake, kapilo kake, miyezi inayi ya ntchito yanga, n'kuipereka m'manja mwawo. Kumene anaiika sindinafunse. M'mawa mwake ndinakagula loko wa pageti.

Ndiye awa apa. Eya, sekani, ali ndi khutu limodzi ngati kapu. Koma khutu limodzi lomwelo mzungu wina wa ku Kempton Park atalimvera anakhala pansi pa fumbi, anavula chipewa, n'kufuna kundisiyira galimoto yake ndi makiyi omwe kuti iye abwerere wapansi, ine ndinakana. Lakumanja ndi la nyimbo. Lakumanzere ili ndi la Tadala, ndipo likhala lake mpaka tsiku limene adzandiuze yekha kuti adadi, ndakula. Akadzafika pamenepo ndidzam'pangira ake a makutu awiri, ndipo ndikadzamaliza maphunzirowa ndidzakhala ndi kashopu kanga kokonza zimenezi, inu a Phiri mudzaima pa mzere ngati wina aliyense.

Tadikirani kaye. Wadzuka.

Simunamve? Anthu anayi, makutu asanu ndi atatu, osamva mwana akutembenuka pa bedi? N'zoona pali zitseko ziwiri, ndipo wailesi ya landilodi ikulira, koma watsitsa kale mwendo umodzi, ndipo akufunafuna kapu yake yamadzi imene yagwera kukhoma. Gwirani apa, a Phiri, muvale mumveko nyimbo yeniyeni kamodzi pa moyo wanu, ine ndikam'tenge asanayambe kulira. Khutu ili lilibe waya, lilibe thonje, koma kuyambira pano mpaka ku Beitbridge simupeza lina lolipambana.