Mmene Mbuzi za Mlamu Wanga Zinadyera Mapu a Zambia

Mukadzafika kwathu ku Nsefu n'kumva anthu akuitana "Amake Tsabola", musavutike kufunsa, akuitana ine. Mwana wanga dzina lake ndi Misozi. Dzina linalo ndinalitenga kusukulu tsiku limodzi lokha, ndipo palibe mayeso amene ndinalemba kuti ndilipeze.

Zaka zimenezo, cha m'ma 90, sukulu ya boma inali kutsidya kwa dambo limene njovu zimadutsa popita kukamwa ku Luangwa. Dzinja dambo limadzaza madzi, chilimwe limadzaza njovu. Ndiye makolo tinamanga sukulu yathuyathu: mitengo, dothi, denga la udzu, mipando youmba ndi dothi, ndi khomo lopanda chitseko (khomo limeneli mulikumbukire bwino). Yunifomu kunalibe. Ana ena ankabwera atabereka azing'ono awo, ndipo nyengo yolondera anyani m'minda maphunziro ankayamba masana.

Mphunzitsi anali mmodzi, a Sakala, amene kale ankaperekera chakudya kwa alendo pa loji ina ku Mfuwe. Ulemu wa kumeneko sunawachoke. Ankanena "ekisikiyuzi mi" ngakhale kwa nkhuku ikawatsekera njira. Ife tinkawalimira munda wa thonje Loweruka lililonse, iwo n'kumatiphunzitsira ana kuyambira Giredi 1 mpaka Giredi 4.

Misozi anali Giredi 4 imeneyo, kutanthauza kuti Januwale akanayamba kuoloka dambo. Ine ndinakumanapo ndi njovu m'dambomo iye ali kumsana, ndipo miyendo yanga imakumbukirabe. Choncho a Sakala atatiwerengera kalata yoti Lolemba kukubwera mayi wa zamaphunziro kuchokera kuboma, kudzaona ngati yathuyi ndi sukulu yeniyeni yoyenera mabuku ndi Giredi 5, ine ndinali woyamba kukweza dzanja kuti andipatse ntchito.

Abambo anapatsidwa denga, amayi kuzira pansi, ine bolodi. Bolodi lathu silinali thabwa ayi, linali khoma lomatidwa bwino n'kudetsedwa ndi makala.

"Amake Misozi," anatero a Sakala, "musinje makala, musefe, musakanize ndi kholowa wosinja, mupake. Basi. Osaonjezera kanthu."

"Ndamva, aphunzitsi."

Ndinamvadi, koma ndinali ndi maganizo anga. Makala a kholowa sachedwa kusuluka. Mwana akangotsamira khoma amabwera kunyumba msana uli bii, ndipo wochapa ndine. Sukulu ndinalekeza Giredi 6, koma zomata ndimazidziwa. Zithunzi za m'kalendala timamata pakhoma ndi chiyani? Phala. Ndipo Lachisanu m'mawa mumphika munatsala phala labwino, la nsinjiro, lothira mchere wokwana. Kutaya linali tchimo. Ndinalisungunula ndi madzi, ndinathiramo makala osefa, n'kukapaka katatu konse.

Abale, bolodi limenelo! Litauma linada n'kuwala ngati msana wa mvuu ikangotuluka m'madzi. Ukapititsapo chala, chala chimabwerako choyera. Choko chinkayendapo chokha. Amayi anasiya kuzira n'kubwera kudzaona.

"Mlamu, mwathiramo chiyani?" anafunsa Amake Dalitso, mkazi wa mchimwene wanga, amene nyumba yake ndi khola lake la mbuzi zili pafupi ndi sukulu.

"Manja, mlamu," ndinatero. "Ena tinabadwa nawo. Ena munabadwa ndi pakamwa pokha."

(Mawu amenewa ndikanatha kuwameza lero, ndikanawameza opanda madzi.)

A Sakala anakondwa mpaka anatulutsa chuma chawo: kachitini ka choko chamitundu chimene mlendo wina anawapatsa ku loji, chimene anasunga zaka zambiri osachikhudza. Loweruka lonse, ife tili m'munda wawo wa thonje, iwo anali pabolodi kujambula mapu a Zambia. Mitsinje yabuluu, matauni ofiira, nkhalango yobiriwira. Pamwamba analemba mawu olandira mlendo. Pomaliza, m'chitinimo munatsala fumbi lokha.

Lamlungu mudzi wonse unali kutchalitchi. Palibe anapita kusukulu. Palibe munthu, ndikutanthauza.

Lolemba ndinalawirira ndi tsache ndi ndowa ya madzi, kuti ndikasese komaliza komanso (ndisabise) kuti ndikalionenso bolodi langa. Chinandilandira pakhomo ndi zitosi za mbuzi, mbwee, pansi pozira bwino paja. Nditakweza maso ndowa inandipulumuka.

Kum'mwera konse kunalibe. Livingstone anapita, Lusaka anapita, Chipata anapita. Ife a ku Luangwa tinanyambitidwa mpaka dothi kuonekera. Pomwe mbuzi imalekeza ikaimirira ndi miyendo iwiri, m'pomwe dziko linayambira. Kunatsala Mbala kumtunda uko, kachidutswa ka nyanja, ndi mawu olandira mlendo aja.

A Sakala anafika atavala tayi. Anaima, anayang'ana, anayankhula Chingerezi chachitali chimene sindinachimve, kenako anakhala pampando wa dothi wa ana a Giredi 1, maondo ali kuchibwano.

"Mbuzi zakhala zikulowa muno zaka zitatu," anatero pang'onopang'ono. "Zimagona, zimachita zawo, zimatuluka. Bolodi sizinalikhudzepo. Chasintha n'chiyani, Amake Misozi?"

Ine ndinayang'ana tsache langa ngati ndaliona koyamba.

Pomwepo tinamva kulira panja. Anali Amake Dalitso, akukoka tonde wawo ndi chingwe.

"Aphunzitsi, inu owerenga mabuku, taonani matenda awa! Zonse seveni! Milomo bii, malilime bii, ndevu bii! Atate ake Dalitso akunola mpeni kuti tizinge zisanafe zokha!"

Tondeyo anandiyang'ana. Sanaoneke wodwala ayi, anaoneka ngati munthu amene akufunsa ngati kwatsala kena.

"Musazinge kaye, mlamu," ndinatero. "Matenda amenewo amatha okha."

"Aa! Udokotala wa ziweto mwauyamba liti?"

A Sakala anayang'ana pakamwa pa tonde, anayang'ana khoma, anayang'ana ine. Apa m'pomwe munthu wanzeru akanagwada n'kuulula. Ine ndinati, "Aphunzitsi, ndipatseni ola limodzi," n'kuthamangira kunyumba.

Ndikuuzeni mmene ndinaganizira, chifukwa nthawi imeneyo zinkamveka. Kholowa anali kudimba, kutali, nthawi panalibe. Phala ndi limene limadetsa msanga. Koma mbuzi zinali zitalawa kale, zinkazungulira sukulu ngati ana pa ukwati. Ndiye ndinaphika kaphala kamadzimadzi kopanda mchere, ndipo posinja makala ndinaponyamo tsabola wouma, uja wamng'ono wolusa, manja awiri odzaza. Ndinati mbuzi ikanyambitanso idziwe kuti pano ndi pasukulu. Posinjapo ndinayetsemula kasanu. Munthu wina akanaima n'kuganiza. Ine ndinangomanga duku pamphuno.

Unali Okutobala, dzuwa la kwathu loti dzira likhoza kupsa pamchenga. Pofika teni koloko bolodi linali litauma. Silinawale ngati loyamba, linali lafumbi pang'ono chifukwa phala linachepa, koma linali lakuda. A Sakala anatolera tizidutswa ta choko choyera n'kulumikiza dziko mofulumira. Zambia anatuluka wamitundu kumutu, woyera kumiyendo.

Leveni koloko njinga yamoto inalira. Anatsika kumbuyo kwa woyendetsa Mayi Mwale, mayi wathupi, wamagalasi, atanyamula buku lalikulu. Ana anaimba. Ife makolo tinaunjikana m'mazenera. Mayiyo anayang'ana denga, anagwedeza mutu. Anayang'ana pansi pozira, anagwedeza mutu. Anayang'ana mapu nthawi yaitali.

"Ndikufuna ndiwafunse ndekha masamu," anatero. "Wina afufute bolodi."

A Sakala anatenga kansanza kofufutira n'kupatsa mwana amene amamudalira.

"Misozi, bwera."

Mwana wanga ndinamuphunzitsa kuti ntchito sagwira mwaulesi. Anakwecha khoma lija ngati akutsuka mphika wopserera. Kafumbi kakuda kanauluka, kamphepo ka pakhomo lopanda chitseko kanakatenga n'kukagawira kalasi yonse mosakondera.

Anayamba ndi Misozi mwiniwake. Kenako mzere woyamba. Kenako wachiwiri. Makanda a kumsana anayamba kulira. A Sakala ankayetsemula n'kunena "ekisikiyuzi mi", kuyetsemula, "ekisikiyuzi mi", mpaka mawuwo anawathera pakati. Ife a m'mazenera tinatsatira. Sukulu yonse inkamveka ngati khola la nkhuku za chitopa.

Mayi Mwale anali munthu wolimba. Anayetsemula kawiri kokha, n'kupita kubolodi kukafufuza. Anapititsa chala pakhoma, anachiyang'ana. M'maso mwawo misozi inali itayamba kulengeza, ndiye anavula magalasi. Ine pazenera ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma chinatuluka ndi chiyetsemulo. Anapukuta diso ndi chala chomwecho.

Sindinadziwe kuti mayi wathupi chotero angadumphe mipando iwiri.

"Madzi! Madzi, anthuni!"

Tonse tinathawira panja, pansi pa mtengo wa mvunguti. Ndowa yanga ija, imene ndinali nditatungiramonso madzi, ndiyo inathandiza. Mayiyo anagwada n'kumizamo nkhope, buku lili pamchenga. M'kalasi mutatsala mopanda munthu, tonde wa mlamu anaona mpata. Analowa mwaulemu, tinamva kachete pang'ono, kenako anatuluka ngati wawomberedwa, kudutsa pakati pa miyendo ya woyendetsa njinga, n'kulowera kudambo akulira. (Pa mbali ya mbuzi, nzeru yanga inagwira ntchito. Palibe amene anandiyamikira.)

Mayi Mwale anadzutsa nkhope, diso limodzi lofiira lotsekeka.

"Aphunzitsi," anatero, "ndayenda masukulu ambiri. Kodi pano mumaphunzitsa ana kapena mumawaphika?"

A Sakala anangogwira tayi. Mayiyo anatola buku lawo n'kulitseka, ndipo ine ndinaona dambo lija m'maso mwanga, udzu wautali, ndi Misozi ali yekha pakati pake. Manyazi anandithera pomwepo. Ndinagwada pamchenga wotentha.

"Amayi, aphunzitsi salakwa, ana salakwa. Ndine. Anandiuza makala ndi kholowa, ine ndinathira phala. Mbuzi zinadya dziko. Ndiye ndinathira tsabola kuti zisadyenso. Ngati pali wochotsedwa pasukulu pano, chotsani ine, koma Giredi 5 musapite nayo. Mwana wanga ndi uyo wafufutayo."

"Ohoo!" anakuwa Amake Dalitso kumbuyo. "Ndiye manja munabadwa nawo aja ndi amenewa, mlamu? Mbuzi zanga zikanafera phala lanu!"

Mayi Mwale anandiyang'ana ndi diso lawo lotsalalo.

"Phala lake linali lotani?"

"La nsinjiro, amayi."

"Ndi mchere?"

"Wokwana bwino."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti ndi tsabola uja, koma kunali kuseka, kuseka kwa misozi mbali zonse ziwiri.

"Nanenso ndikanakhala mbuzi ndikananyambita," anatero. "Dzukani. Ana onse akhale pansi pomwe pano."

Anathyola kamtengo n'kuyamba kulemba masamu pamchenga. Anawafunsa pafupifupi ola lathunthu. Ena analakwa, ambiri anakhoza. Misozi anayankha seveni taimusi eyiti ndi chiyetsemulo pakati, koma yankho linali lolondola. Pomaliza anawauza kuti ajambule mapu a Zambia pansi, ndipo anajambula, ndi Luangwa yemwe, pamalo ake. Mayiyo analemba zambiri m'buku, anakwera njinga atamanga kansalu konyowa padiso, osalonjeza kanthu.

Miyezi iwiri ndinayenda ngati wakuba. Kuchitsime akandiona, wina ankayetsemula dala. A Sakala ankandipatsa moni wa "mwaswera bwanji" ali patali ndithu. Mlamu ankati akandipeza ndikuphika, amaimirira pakhomo n'kufunsa ngati chakudyacho n'cha anthu, cha mbuzi, kapena cha khoma.

Mu Disembala, mvula itayamba, ngolo ya thonje inabwera ndi katoni ya mabuku, chitini cha penti yakuda ya bolodi, ndi kalata. A Sakala anatiwerengera pansi pa mvunguti uja. Giredi 5 inaloledwa, koma sukulu iikidwe chitseko isanatsegulidwe. Atate ake Dalitso anachikhoma tsiku lomwelo. Popaka penti anasankha amayi atatu. Ine anandipatsa ntchito yogwira chingwe cha tonde.

Misozi sanaoloke dambo chaka chotsatiracho, ndipo pa chimenecho dzina la Amake Tsabola ndimaliyankha ndi mtima woyera. Ndinaphunzira kuti mphunzitsi akati osaonjezera kanthu, amatanthauza zomwezo.

Komabe penti ya m'chitini ija siinadepo ngati phala langa loyamba, aliyense amene analiona akhoza kuvomereza. Cholakwa chinali mchere ndi nsinjiro basi. Kuseri kwa khitchini yanga ndinapakako kachigamba ka makala ndi phala lopanda kanthu, kungoyesa. Mbuzi sizinayandikeko. Nkhuku ndi zimene zatsala pang'ono kuboola khoma.