Duku Langa ndi Makina Oona M'mitsempha

Ine ndikaliona duku langa lobiriwira, ndimaseka ndekha, kuseka mpaka misozi. Linandichititsa manyazi duku limeneli! (Zilembo zikakhota mundikhululukire, sukulu ndinaisiyira Sitandade 2, kupita kothyola tiyi.)

Ee, tiyi! Utsikana wanga wonse unathera pa esiteti, dengu kumsana, chiperoni kumaso, nyimbo pakamwa. Maso anga anali maso! Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kapitawo osandibweza olo tsiku limodzi. Pambali panga a Esitere, anzanga a ku Kapichi, ife kuimba, ife kuseka, mzere kutha osadziwa.

Ndiye chaka chatha mutu unandiyamba, m'mbali umu pamwamba pa makutu. Chipeso chikakhudza, moto. Ndikatafuna chimanga chokazinga, nsagwada kulema. Kenako diso lamanzere kuchita chifunga, chibwere, chipite.

Tsono ine ndine mkulu wa amayi kumpingo. Lachinayi lililonse ndinkakalipira otemetsa mphini, ndipo a Esitere omwewo ndinawadzudzulapo pagulu. Koma mutu ukawawa, abale inu! Ndinazemba kupita kwa bambo wina ku Mphuka. Lumo, zitatu uku, zitatu uku, n'kupaka zakuda. Pobwerera ndinamanga duku mpaka m'nsidze. Amayi amvekere, "Mtsogoleri wathu wadzichepetsa bwanji!"

Mutu osasintha. Kuchipatala kwathu ananditumiza m'tauni, ndipo wondiperekeza anali ndani? A Esitere.

Dokotala wake anali mayi woleza mtima.

"Agogo, tikuunikani ndi sikani. Vulani duku."

"Sikani si ya apakati? Nayi mimba," ndinatero, n'kuyamba kumasula chitenje.

"Ayi agogo, tikufuna mitsempha ya m'mbali mwa mutu, tione ngati makoma ake atupa."

"Mtsempha nawu pamkono, wonenepa bwinobwino."

"Duku, agogo."

"Mpingo wathu sulola." (Bodza limeneli Ambuye analimva.)

"Mpingo uti, achemwali?" anafunsa a Esitere. "Womwe ndimapempherako inewu?"

Dokotala anakoka mpando, n'kundigwira dzanja. "Agogo, matenda amene tikuwaganizirawa akachedwa, diso limazima osabwereranso. Linzake limatsatira."

Ndinaganiza za minda ya tiyi ikamawala mvula itangokata, mapiri obiriwira ngati wayala nsalu. Osadzaionanso? Chifukwa cha duku? Ndinamasula.

"Iii! Zisanu ndi imodzi!" a Esitere anakuwa, akuwerenga ndi chala. "Ine zanga zinali ziwiri, munandiimbitsa nyimbo yolapa ndime zonse!"

Dokotala sanaseke (ndinamuona akuluma mlomo). Anandipaka mafuta ozizira onanda, n'kumayendetsa kamakina pakhungu pang'onopang'ono, kulambalala mphini zanga. Pakanema panatuluka mtsempha wanga, utazunguliridwa ndi mkombero wakuda.

"Mwauona mkomberowu? Ndi khoma lotupa, magazi akudutsa mopanikizika. Mapiritsi muyambe lero lomwe. Pakanapanda makinawa, tikanadula kachidutswa ka mtsempha kukapima."

"Musavutike adokotala," anatero a Esitere, "kudulako anzanu a ku Mphuka anayamba kale."

M'minibasi pobwerera tinayamba kuona minda ya tiyi. Kenako a Esitere anandipatsa nthochi, n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo kathu ka m'mizere. Ine kulandira, misozi mbwee, anthu kutiyang'ana ngati taledzera.

Mutu unaleka, chifunga chinachoka, mapiritsi ndikumwabe monga anandiuzira. Ulusi ndikulowetsa ndekha m'singano, aleluya!

Lachinayi lotsatira ndinaimirira wopanda duku, n'kuulula zonse. Ndinkadikira kuti andichotsa pampando. M'malo mwake wina anapinda mkono wa bulauzi, wina anavula nsapato, mlembi wathu anatembenuka kutionetsa kukhosi. Mphini, mphini, mphini! Zaka zonsezi ndinkakalipa, iwo akungoti "Ameni".

Za lumo ndinasiya kulalikira, ndipo mutu ukawawa pitani kuchipatala, ndanena ine. Masiku ano ndikukalipira ofika mochedwa, poti pamenepo sanandigwirebe.