Mdzukulu wanga akuti ndi Fosholo

Uthenga unandipeza m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana. "Amake Esinati, tulani dengu! Esinati wachira, mwana wamwamuna!" Ndinalulutira mpaka akapitawo anatembenuka. Ndinavina m'mizere, tiyi mbwee pansi. Eee, ndikadadziwa ndikadasungako mphamvu zolirira.

Dzina ndinali nalo kale: Muhiwa, malemu mlongo wanga, amene anandibereka powoloka mtsinje wa Ruo tikuthawa kwa Apwitikizi. Ndipo tinapangana kalekale ndi akuchimuna kuti woyambayu nditchula ndine.

Tili m'chikuta anatulukira asewere anga a ku Kapichi, amake a mkamwini. Tsiku loyamba, nkhuku yathadzi. "Iyi si ya mwana, ndi yanu asewere, mwatopa." Ndinadya (ndi mafupa omwe). Lachiwiri anakandithyolera tiyi kuti tikiti yanga ya ntchito isadumphe tsiku. Lachitatu anakhala pakhonde, misozi chuchuchu.

"Mukulira chiyani, asewere?"

"Palibe. Mphuno ya mwanayu, ndi ya malemu amuna anga a Fosholo yeniyeni. Koma musandimvere, ife akuchimuna tilibe pakamwa."

"Ayi, nenani."

"Ndinene chiyani? Ku Kapichi amati amake Esinati mtima wawo ndi phiri la Thyolo. Ine ndimawayankha kuti inde ngabwino, koma dzina sangapereke. Palibe mkazi angatero."

Palibe mkazi angatero! Mawu amenewo anandiyabwa ngati chitedze.

Mchombo utagwa tinamutulutsa mwana, bwalo litadzaza. Asewere gwadu pansi: "Khalani chete, alankhule eni mtima waukulu." Ndinamunyamula mwana m'mwamba, maso onse a ku Kapichi ali pa ine. Ndinatsegula pakamwa kuti nditi Muhiwa, chinatuluka nchakuti, "Uyu ndi Fosholo!" Palibe anandigwira lilime ayi. Ndinachita kuliimba dzinalo, katatu.

Pambuyo pake, ndikutolera zikho za thobwa kuseri kwa nkhokwe, ndinawamva akuuza mng'ono wawo, uku akuseka: "Mbuzi yamakani osaikoka chingwe. Ungoionetsa msipu, ikutsogolera yokha."

Mbuzi! Ine, mai wa zidzukulu!

Aphunzitsi a pamishoni akuti Azungu ali nalo liwu lake, ati manipuleti, kuyendetsa chinthu ndi manja aluso, kaya makina a m'fakitale, kaya munthu wosadziwa kuti akuyendetsedwa. Liwu lawo nlawo, koma asewere anga sanapite kusukulu. Mlongo wanga wagona wopanda womutchula, mdzukulu wanga akuitanidwa ngati chokumbira ngalande.

Esinati akadzaimanso, nkhuku ya munthu sindidya (pokhapokha itanona kwambiri).

Koma mwana ngokongola, ayi ndithu ngokongola, ndipo anthu anabwera! Anabwera a Namalomba ndi akazi awo, amake Jese a kwa Nchilamwela, a Mulipa oimba ng'oma, a Saidi a nsalu ndi njinga yawo, Abiti Yusufu, akapitawo a Kandulo, Lute ndi Maliya a kwa Mphuka, ndi asewere anga, amene anavina kutiposa tonse.