Mankhwala osiyitsa mowa anagwira ine wosamwa

Mpaka lero amayi a Mvano kwathu ku Bangula akamandipatsa moni amasendeza mphuno pafupi ndi pakamwa panga. Sindiwaimba mlandu, ndinaziputa ndekha.

Amuna anga, abambo a Esitere, ndi asodzi. Nipa, kachasu wa kuno kwathu, anayamba kumwa ati pothamangitsa mphepo ya m'dambo (mphepo yake iti, kuchigwa kuno kumene ngakhale mbuzi zimalimbirana mthunzi?). Kenako zinafika poti m'mawa manja ankanjenjemera mpaka atalawa kaye. Munthu wotereyo n'kumakaimirira m'bwato pamadzi odzaza ng'ona. Ndinkaopa kuti tsiku lina bwato lidzabwera lokha.

Kulalata ndinalalata, abusa anapemphera, ankhoswe anabwera n'kubwerera. Ndiye mayi wina wa Mvano anandinong'oneza za bambo wa ku Marka wogulitsa muzu wosiyitsa mowa. Kunong'ona kwake kwa ku Mvano, gulu lonse linamva, ena mpaka anandiperekeza kukakwera minibasi.

Bamboyo anandipatsa ufa wotuwa.

"Muthire m'thobwa, mama, iwo asadziwe. Akamwa adzasanza mpaka mowa adzauda."

"Nanga wina akamwako?"

"Mankhwalawa amatsata mowa m'magazi. Wosamwa samukhudza, amakhala pyadidi, bwinobwino ndithu."

Lachinayi m'mawa ndinathira ufa uja, ndipo poti abambo a Esitere ndi athupi, ndinaonjezerako pang'ono. Iwo anayang'ana chikho, n'kuyang'ana ine. Thobwa losapempha, lochokera kwa mkazi amene dzulo lake anawatchula mayina onse?

"Inu simumwa, amake Esitere?"

Ndinamwa. Kuti akhulupirire ndinabwerezanso china (paja wosamwa mowa samukhudza). Iwo anangonyowetsa milomo, ati m'mawa kukhosi kwawo sikudutsa kanthu, n'kupita kukasoka maukonde. Ine ndinavala bulauzi yanga yoyera, ulendo wa ku Mvano.

Zinayamba tili pakati pa nyimbo. Poyamba thukuta, kenako m'mimba munayamba kuyankha nyimbo ija. Ndinathamanga, koma ndinathera pakhomo penipeni pa tchalitchi. Amayi onse anatuluka n'kundizungulira, ena akundipepesa, ena akuganiza.

"Paja anati amagwira womwa yekha eti?" anafunsa wina chapansipansi.

"Kapena amathandizana kunyumbako."

"Ine maso awo aja ndinkawakayikira kale."

Ndinkafuna kudziteteza, koma pakamwa panali potanganidwa.

Amene anabwera ndi njinga kudzanditengera kuchipatala anali abambo a Esitere omwewo. Adokotala atandiika diripi anafunsa chomwe ndadya, ndipo ndinaulula zonse, amuna anga amene ndinawathirira mankhwalawo ataima pompo.

"Muzu wotere umasanzitsa aliyense, mayi, ngakhale abusa," anatero adokotala. "Ndipo kusanza sikuchotsa chibaba cha mowa."

Kenako maso awo anagwera pamanja a amuna anga, amene ankagwedeza chitsulo cha bedi.

"Bambo, mukadzuka mumayamba mwalawa? Munayesapo kusiya?"

Ndinkadikira bodza. Koma iwo anayankha akuyang'ana pansi kuti anayesapo kangapo osauza munthu, ndipo nthawi zonse ankatuluka thukuta, tulo osabwera, n'kumaona tizilombo tikukwawa pakhoma mpaka ankabwerera ku nipa. Ine wogona nawo nyumba imodzi sindinkadziwa, ndipo zinandipweteka kuposa m'mimba.

Adokotala anati amenewo ndi matenda, thupi linazolowera mowa, ndipo kusiya mwadzidzidzi pawekha kungathe kukugwetsa ngati wakhunyu. Anati pali mankhwala oletsa kunjenjemerako komanso aphungu ocheza nawo, koma wodwalayo azibwera akudziwa, osati zomutchera m'chikho.

Pobwerera anandikweza pakaliyala, iwo akukankha njinga.

"Mukanangondiuza kuti mukuopa, amake Esitere."

"Nanga zaka zonsezi ndimanena chiyani?"

"Mumanena kuti ndine chidakwa. Zimenezo ndimazidziwa kale."

Kuchipatala akupitabe, nthawi zina amaterereka n'kuyambiranso, ndipo ine ndimawaperekeza. Ndikuphunzira kunena kuti ndikuopa, kungoti mawuwo akamafika pakamwa, kawirikawiri amatulukabe ngati kulalata.